Dona wa pa Galasi Losweka

Verlyn ankatsika phiri la Morne Dudon mothamanga, dzanja limodzi lili pachifuwa pomwe anabisa galasi la agogo ake. Masitepe anali oterera ndi mvula ya m'mawa, ndipo amayi amene ankachapa pampope anamuona.

"Iwe mdzukulu wa Ma Alcide, ukuthamangira sitima yanji? Amuna satha lero," anatero mmodzi.

"Musiyeni mwana," anayankha mnzake akufinya malaya. "Akuti akukwatiwa kunyumba zakhonde. Ife a nkhata wasiya kutiona."

Verlyn sanacheuke. Anali ndi maola atatu okha. Agogo ake, omwe ankasoka madiresi a akwatibwi a theka la tauni ya Castries, anali atapita kukayesa mkwatibwi wina kutsidya la doko. Galasilo linayenera kubwerera m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi iwo asanafike.

Linali galasi laling'ono ngati buku la mapemphero, losweka chakumwamba. Pa moto waukulu wa 1948, umene unapsereza tauni, Ma Alcide anasiya makina osokera ndi mbale zonse, n'kuthawa ndi mwana kudzanja limodzi, galasilo kudzanja lina. Ankalitulutsa kamodzi pachaka, pa tsiku lokumbukira akufa, asanapite kukayatsa makandulo kumanda. Ankalimasula m'nsalu yoyera, n'kulikweza pawindo kwa kamphindi. Pagalasipo pankaoneka mkazi woyera ngati mkati mwa kokonati, diresi lake loyeranso, ataima padoko pafupi ndi sitima, mkono umodzi uli m'mwamba. Galasilo linadukira pachipumi pake. Pambali pake panali mwamuna wakuda bii kuyambira chipewa mpaka nsapato.

"Awa ndi mayi anga, Dona Hortense, mwana wa kaputeni wa sitima ya Afalansa," ankatero Ma Alcide. "Akugwira chipewa kuopa mphepo. Wakudayu ndi wantchito wawo."

Verlyn anakula ndi Dona Hortense. Mayi ake enieni anakwera sitima ya ku Mangalande iye ali ndi zaka zitatu, ndipo ankangobwera m'maenvulopu. Choncho mtsikanayo akakhala pawindo n'kuona sitima ikutuluka padoko, ankaganiza za dona uja, za chipewa chake chimene palibe anachionapo, za nyanja zimene anawoloka. M'nyumba mwawo munali lamulo limodzi lochokera kwa dona yemweyo. Munthu sankasenza kanthu pamutu. Ndowa ya madzi ankainyamula kumanja, ngakhale mkono uchite dzanzi.

"Mutu ndi wa chipewa," ankatero agogo. "Ife si a padoko."

Tsopano dona uja anali ndi ntchito yoti agwire. Verlyn atamaliza sukulu anakumana ndi Errol Whitcombe kulaibulale, mnyamata wa khungu lowala ndi tsitsi lofewa, amene ankawerenga ndakatulo motsitsa mawu n'kumamuperekeza mpaka m'tsinde mwa phiri. Masitepe okwera kwawo sanawapondepo. Mayi ake a Errol ndiwo ankatsogolera komiti yosonkhanitsa zithunzi zakale za doko, zoti zikaonetsedwe kulaibulale mwezi wotsatira, mbendera ya Angerezi ikamatsika. Tsiku lina Errol ananena akuyang'ana nsapato zake kuti amayi akufuna kudziwa kuti Verlyn ndi wa kwa yani. Verlyn anamuuza za Dona Hortense, ndipo nkhope ya mnyamatayo inamasuka ngati munthu amene wamutula katundu. Mawa lake anabwera ndi uthenga: Lamlungu masana akamwe tiyi kwawo, ndipo akabwere ndi chithunzicho.

Tsiku limene ankatsika phirili linali Lachisanu.

Bambo Mathurin, wojambula zithunzi, anali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ya nsalu. Verlyn anawapeza akudya nthochi zophika ndi nsomba yamchere, mbale ili pamwendo.

"Bambo, ndikufuna mundichapire ichi papepala. Lero lomwe. Panopa."

"Moni sanagulitsidwe, mwana wanga."

"Pepani, mwaswera bwanji bambo. Ndikufulumira."

"Onse obwera kuno amafulumira, kupatula a m'zithunzi." Anapukuta manja, n'kulandira galasilo m'mbalimbali ngati dzira. Atalikweza pawindo anasiya kutafuna. "Zoterezi ndinaziona komaliza kwa amene anandiphunzitsa ntchito. Wati ndi ndani ameneyu?"

"Ndi mayi a agogo anga. Anali Mfalansa, mwana wa kaputeni."

Bambo Mathurin anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali.

"Sukulu wamaliza, eti?"

"Chaka chathachi."

"Ayi, zili bwino. Lowa, udzionere wekha. Koma muno sitithamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'kachipinda kamkati munali kababu kofiira ndi fungo la mankhwala. Mkuluyo anaika galasi m'makina, nayatsa kuwala kwa kanthawi, kenaka anamiza pepala m'beseni n'kumaligwedeza pang'onopang'ono. Verlyn anawerama. Ankayembekezera maso obiriwira, mwina ndolo, mwina kamwetulira kamene iye akanakazindikira pakalirole.

Choyamba kutuluka papepala chinali diresi. Linada. Kenaka mikono inada, khosi linada, nkhope inada. Mwamuna wa pambali uja sanade konse: anatsala woyera, suti yoyera, chipewa choyera, ndodo m'khwapa, ndevu zachizungu.

"Mwalakwitsa," anatero Verlyn. "Mwalitembenuza."

"Ine ndabweza, sindinatembenuze. Galasi lotereli limanena zonse chagada. Choyera pagalasi n'chakuda padziko, chakuda pagalasi n'choyera. Sunaonepo filimu ya kamera?"

Anali ataionapo. Kusukulu anaphunziranso za kuwala, n'kukhoza bwino. Koma chimene munthu anauzidwa ali pamiyendo ya agogo ake sapita nacho m'kalasi kukachiyesa.

Bambo Mathurin anatsuka pepalalo n'kutuluka nalo poyera. Panali mtsikana wa msinkhu wa Verlyn, wopanda nsapato, diresi lake la chiguduli lomangidwa ndi chingwe m'chiuno. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa. Pamwamba pa chipumi, pomwe galasi linadukira, pankaoneka m'mphepete mwa nkhata.

"Awa ndi amayi a malasha," anatero mkuluyo. "Sitima zonse za nthunzi zinkamwera pano. Amayi amenewa ndiwo ankazidzaza, dengu lolemera ngati munthu pamutu, kukwera thabwa, kukhuthula, kutsika, tsiku lonse. Mkonowo sukugwira chipewa. Ukugwira dengu. Ndipo galasi ili silinagwe lokha ayi, wina analimenya dala pamene panali dengupo."

Verlyn sanamve zonse. Ankayang'ana dzanja lamanzere la mtsikanayo, limene linali m'chiuno. Linali ndi zala zinayi. Chaching'ono panalibe. Dzanja limenelo ankalidziwa: ndi limene linkamuluka tsitsi m'mawa uliwonse, ndipo eni ake ankati chalacho chinapanidwa ndi chitseko cha tchalitchi.

"Ndikupatseni zingati?" anafunsa, mawu ali kutali.

"Pita. Ukawauze eni ake kuti Mathurin alibe pakamwa."

Anakwera phiri pang'onopang'ono, ndipo anapeza chitseko chotsegula. Ma Alcide anali atakhala pabedi, chipewa chikadali kumutu, bokosi lachitsulo lili yasa pamapazi awo. Sanakalipe. Anatambasula dzanja, Verlyn n'kuwapatsa galasi. Anatambasulanso, n'kuwapatsa pepala.

Analiyang'ana nthawi yaitali, atalitalikitsa ndi maso.

"Ndinali woonda," anatero.

"Agogo, Dona Hortense ndi ndani?"

"Linali dzina la sitima. Inkabwera kawiri pachaka. Linandikomera."

"Ndiye mwakhala mukundinamiza moyo wanga wonse."

"Wako wokha? Ndinanamiza agogo ako aamuna mpaka kuwaika m'manda. Ndinanamiza mayi ako. Iwe wabwera kumapeto, usadzitenge ngati woyamba." Anavula chipewa, n'kuchiika pamtsamiro. "Khala pansi, ukundichititsa chizungulire."

Verlyn anakhala pampando wa makina.

"Ndinayamba kusenza ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Mayi anga enieni anagwa pathabwa, msana n'kuthyoka, ine n'kutenga nkhata yawo. Chala ichi chinatsala pakati pa thabwa ndi sitima. Malasha ankalowa m'makutu, m'mano, ukatsokomola n'kutuluka inki. Tsiku lina kunabwera mzungu ndi bokosi lake lamiyendo itatu, akuti imani pafupi ndi abwana, musagwedezeke. Ndinaima, dengu lili pamutu, iye akukonzakonza nsalu yake. Kenaka ndinamva kuti akundigulitsa pamakadi kwa anthu a m'sitima."

"Ndiye manyazi ake ndi ati? Munkagwira ntchito."

Ma Alcide anaseka kamodzi, mopanda chimwemwe.

"Mawu a kusukulu amenewo. Ukudziwa zimene ankatitchula? Ankati mkazi wa malasha ndi wa aliyense wotsika sitima. M'tchalitchi tinkaima kukhomo. Agogo ako aamuna anali mphunzitsi wochokera ku Laborie, sankadziwa za kuno. Mayi awo akanamva, akanandithamangitsa ndi tsache. Ndiye ndinakalowa ntchito yochapa kwa mzungu wa zithunzi uja, miyezi inayi, mpaka ndinalipeza galasili m'kabati. Ndinkati ndikapha nkhuku, mazira atha. Dengu ndinalichotsa ndi simbi."

"Bwanji simunaliphwanye lonse?"

Agogo anasisita m'mphepete mwa galasi ndi chala chachikulu.

"Ndinakweza simbi kachiwiri. Koma ndi pokhapa pomwe ndili mtsikana. Tsiku lina agogo ako aamuna analipeza, n'kufunsa kuti dona uyu ndi ndani. Anandipatsa okha bodzalo. Ine ndinangolandira."

Kunja ana ankasewera mpira wa chitini. Verlyn anayang'ana pawindo. Padoko panali sitima yoyera ya alendo, ndipo kwa nthawi yoyamba inangooneka ngati chitsulo choyandama.

"Lamlungu akundiyembekezera kwa a Whitcombe. Ndinawalonjeza chithunzi cha dona."

Ma Alcide anadzutsa mutu msanga atamva dzinalo, koma anangoti, "Mnyamatayo ukumufuna?"

"Ndikumufuna, agogo."

"Ndiye pepalali lisiye muno. Ukawauze kuti galasi lasweka, dona wapita nalo. Ukakhale miyendo pamodzi, tiyi usakamwe mwaphokoso. Bodza lophika bwino limalera ana. Lalera mayi ako, lalera iwe, lakufikitsa folomu yomaliza. Sunadwale nalo."

Loweruka lonse agogo anamusokera kolala yatsopano padiresi lake lachikasu.

Nyumba ya a Whitcombe inali paphiri lina, loyang'ana doko kuchokera mbali imene mphepo imawomba bwino. Errol anamuchingamira pageti atavala malaya oyera, ndipo anamugwira chigongono pokwera masitepe a khonde. Verlyn anamva kutentha kwa zala zakezo mpaka m'khosi. Anadziuza kuti ndi chiganizo chimodzi chokha chimene ayenera kunena, kenaka moyo wonse udzakhala khonde lotereli.

Mayi Whitcombe anali aatali, a mawu ofewa. Anamuyang'ana tsitsi, kenaka zikhadabo, kenaka nsapato, zonse m'kanthawi komupatsa moni.

"Khala, mwana wanga. Errol sakamba china koma iwe. Kolala yokongola. Asoka agogo ako? Manja awo ndimawadziwa, anasokera mphwanga diresi laukwati. Nanga dona wathu uja ali kuti?"

"Galasi lake lasweka, mayi. Linagwa Lachisanu."

Chinatuluka mosavuta, ngati kuti chinali mkamwa kuyambira kale.

"Ha, zachisoni. N'chifukwa chake ndimauza a komiti kuti zinthu zoterezi zisamasungidwe m'nyumba za m'phiri, zimangotha. Komabe magazi sasweka, eti? Chipumi chakocho chikuoneka kuti pali kanthu." Anamuthirira tiyi okha. Errol anamwetulira, mapewa ake n'kutsika.

Atamwa, mayiwo anamutengera patebulo lalikulu la m'chipinda chodyera, lodzaza ndi zithunzi. Panali sitima zankhondo zitandanda padoko, bwanamkubwa wa nthenga pachipewa akutsika m'boti, milu ya malasha yaitali kuposa nyumba ya kasitomu, msewu wa m'tauni moto usanaudye. Pansi pa chilichonse panali kapepala kotayipa.

"Koma mfumu ya zonse ndi ichi," anatero Mayi Whitcombe. "Chikakhala pakhomo penipeni. Tachikulitsa kuchokera pakadi imene apongozi anga anasunga. Awa ndi agogo ake a Errol."

Anatembenuza chithunzi chachikulu ngati thireyi. Suti yoyera, chipewa choyera, ndodo m'khwapa. Pambali pake mtsikana wopanda nsapato. Apa panalibe chosweka. Dengu linali lonse, lalikulu kuposa mapewa ake, malasha atawunjikana mpaka kusefukira, ndipo pansi pake maso aja ankayang'ana Verlyn. Nkhuku inafa, koma dzira limodzi linagona zaka makumi asanu m'kabati ya a Whitcombe.

Kapepala kake kankati: Bambo Edmund Whitcombe, woyang'anira doko la malasha, 1925, ndi mmodzi mwa akazi onyamula.

"Anthu ovutika," anatero mayiwo mokoma mtima. "Apongozi anga ankati fungo lawo linkafika kutsidya la doko, koma kuimba ankatha. Mayina awo palibe anasunga. Ankawaitana ndi manambala."

Errol anawerama pafupi ndi phewa la Verlyn. Ankafuna kumuseketsa, poona kuti wakhala chete.

"Taona phazilo," anatero. "Ngati fosholo. Ameneyu nsapato akanamupangira kwa osula zitsulo."

Verlyn ankalidziwa phazilo. Madzulo alionse ankalithira madzi ofunda m'beseni, n'kulipaka mafuta a kokonati m'ming'alu ya chidendene. Nsapato za kutchalitchi agogo ankazivula akangokhota pakona, n'kuyenda akutsimphina mpaka kunyumba.

Anaika kapu pansi. Inalira pasosala.

"Dzina ali nalo," anatero.

"Wati chiyani, mwana wanga?"

"Ndi Eudoxie. Eudoxie Alcide. Taonani dzanja lamanzerelo, mayi. Mwati manja awo mumawadziwa."

Mayi Whitcombe anavala magalasi, nawerama. Anawerenga zalazo ndi maso. Atawongoka nkhope yawo inali yosalala ngati poyamba.

"Nanga dona wa ku Falansa?"

"Kulibe. Inali sitima."

"Ndamva." Anatenga pensulo n'kulemba dzinalo kuseri kwa kapepala, akufunsa kalembedwe kake chilembo ndi chilembo. "Watithandiza kwambiri. A komiti akondwa, chifukwa anyamata a masiku ano akufuna mayina a anthu wamba. Errol, uuze Celestin atulutse galimoto, akamutule mlendo wathu. Iwe utsale, undithandize kunyamula mafelemu."

Errol anatsegula pakamwa, nayang'ana mayi ake, nayang'ana phazi la pachithunzi. Kenaka anapita kukaitana dalaivala.

Verlyn anakana galimoto. Anayenda wapansi kuzungulira doko lonse, dzuwa likumuwotcha pakolala yatsopano. Podutsa pamalo pomwe kale panali milu ya malasha anapeza mabokosi a nthochi akudikira sitima, ndi mbuzi ikudya pepala.

Agogo anali pakhomo akusankha nandolo. Anamvetsera zonse osasiya kusankha.

"Anakutuma ndani?" anafunsa pomaliza.

"Ankakusekani, agogo."

"Ankaseka pepala. Pepala silimva. Tsopano aziseka ine, amene ndili ndi makutu." Anataya kamwala panja. "Zaka khumi ndi chimodzi ndinasenza, zaka makumi asanu ndinabisa, iwe wagulitsa zonse ndi kapu imodzi ya tiyi. Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ndipo mnyamata wamutaya."

"Ngati akundifuna abwera."

"Masitepe awa? Ndi nsapato zake zija?" Anagwedeza lichero. "Mzungu wa suti yoyera uja ndikumukumbuka. Analibe mkazi kuno. Ukuganiza kuti bambo ake a Errol wakoyo anatuluka m'chipewa?"

Verlyn anawayang'ana.

"Mayi awo anali Philomène," anatero agogo. "Ankayenda patsogolo panga pathabwa. Ndiye ankayambitsa nyimbo. Mwana atabadwa woyererako, mzunguyo anamutenga n'kumupatsa dzina, mayi ake n'kuwaika kukhitchini ngati wantchito. Kenaka Philomène naye anavala chipewa, ndipo ndiye apongozi a Mayi Whitcombe aja. Tinkakumana m'tchalitchi Lamlungu lililonse mpaka anamwalira, n'kumapatsana moni ngati alendo. Sanandiulule, sindinamuulule. Tonse amene tinatsika pathabwa paja tinkatero."

Verlyn anaimirira. "Ndiye ndikawauze. Ndibwerera pompano, akamve kuti fungo lija—"

"Khala pansi." Mawuwo sanali okweza, koma anamukhazika. "Ine wandivula, chabwino, ndine wako. Wa eni umusiye m'manda atavala."

Chionetsero chinatsegulidwa sabata imene mbendera inatsika. Chithunzicho chinali pakhomo penipeni, ndipo pansi pa dzina la Bambo Whitcombe panawonjezedwa mzere waung'ono wa dzina la Ma Alcide. Anthu anabwera ambiri. Ana asukulu analilemba m'makope. Mnyamata wina wa ndevu anakwera phiri ndi makina ojambulira mawu, akuti akufuna mbiri ya amayi olimba mtima, ndipo agogo anamutsekera chitseko. Amayi a bungwe la kutchalitchi sananene kanthu koipa. Anangopatsa munthu wina ntchito yokonza maluwa a paguwa, akuti Ma Alcide apumuleko, akula. Mkwatibwi wa kutsidya la doko anatumiza mlongo wake kudzatenga nsalu yake isanathe kusokedwa. Lamlungu lotsatira agogo sanapite kumpando wawo wachitatu kuchokera kutsogolo. Anakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo Verlyn anakhala nawo.

Errol anamuona kamodzi, kunja kwa banki. Mnyamatayo anakweza dzanja pang'ono, ngati akuthamangitsa ntchentche, n'kulowa m'sitolo imene sinkagulitsa chilichonse chimene iye akanafuna. Verlyn anapitabe kulaibulale Lachitatu lililonse kwa mwezi wathunthu, akumakhala patebulo lawo lija. Kuti afike pamenepo ankadutsa pamaso pa mtsikana wa dengu. Kenaka anasiya.

Loweruka lina anapita onse awiri kumsika. Ntchito yosoka inali itachepa, ndiye anagula zilazi thumba lathunthu kwa mlimi amene ankafulumira kubwerera kwawo. Verlyn analikoka ndi manja awiri mpaka m'tsinde mwa phiri. Pamasitepe oyamba anaima, zala zitatupa. Pampope panali amayi aja.

"Ma Alcide, mwadzuka bwanji?" anatero mmodzi, mawu ali otsekemera kwambiri. "Takuonani kulaibulale. Simunasinthe."

"Ndadzuka, Ma Joachim. Inu sanakujambuleni chifukwa munalibe chimene munkagwira."

Anatembenukira kwa mdzukulu wawo, amene ankayesanso kukweza thumba ndi manja.

"Lisiye. Ukuthyola msana."

Anavula mpango wa m'khosi, wa silika, umene ankapita nawo ku Misa. Anaupota kawiri, naukulunga pa zala zinayi zija, ndipo m'kuphethira kwa diso unali nkhata yolimba, yozungulira bwino ngati yaumbidwa. Manjawo sanaiwale kanthu. Anaiika pamutu pa Verlyn n'kuikanikiza.

"Pinda mawondo, osati msana. Gwira uku. Kweza."

Thumba linakwera. Verlyn anamva kulemera kwake kukutsika m'khosi mpaka m'zidendene, ndipo anadzandira.

"Chibwano m'mwamba. Usayang'ane mapazi, woyang'ana mapazi ndiye amagwera m'madzi. Wasankha wekha kukhala mdzukulu wa Eudoxie, ndiye usandichititse manyazi kawiri."

Amayi a pampope ankangomuyang'ana, madzi akusefukira mundowa. Verlyn anaponda sitepe yoyamba, kenaka yachiwiri. Agogo anavula nsapato zawo za kutauni, nazigwira kumanja, n'kumutsatira pambuyo.